Pulasitala Akamang'ambika, Kumatuka Kapena Kuyoyoka: Zimene Wophunzira Ayenera Kufufuza ndi Kukonza

Munthu amene akuphunzira kupaka pulasitala m'kati mwa nyumba amakumana ndi mavuto omwewo mobwerezabwereza. Tsiku lopakalo khoma limaoneka bwino, koma pakapita masiku angapo pamatuluka ming'alu, malo ena mukagogoda pamamveka kuti kumbuyo kuli mphako, ndipo pena mchenga umayoyoka mukangokhula ndi chala. Ambiri amafulumira kunena kuti dzanja lawo silinazolowere mpeni womangira. Dzanja limafunadi nthawi kuti lizolowere, koma dzanja losazolowera limabweretsa khoma la mabampu, osati khoma long'ambika. Ming'alu, kumatuka ndi kuyoyoka kawirikawiri zimachokera pa nkhani ya madzi: kuchuluka kwa madzi amene analowa m'matope (msakanizo wa simenti, mchenga ndi madzi), ndiponso liwiro limene madziwo anachokera pakhoma.

Simenti salimba chifukwa chouma ayi. Amalimba chifukwa chakuti amasakanikirana ndi madzi n'kusanduka chinthu china cholimba, ndipo kusinthaku kumapitirira kwa masiku ambiri malinga ngati chinyezi chilipo. N'chifukwa chake akatswiri amayeza mphamvu ya simenti patatha masiku 28. Pulasitala ndi wopyapyala kwambiri, nthawi zambiri mamilimita 10 mpaka 15, ndipo madzi ake ochepawo amalimbiranidwa mbali ziwiri, chifukwa kumbuyo njerwa zimayamwa pamene kutsogolo mpweya ukuumitsa. Madzi akatha simenti asanamalize ntchito yake, kulimba kumaimira pomwepo.

Musanakonze chilichonse, pezani mtundu wa vutolo

Dikirani kuti pulasitala akhale kwa mlungu umodzi, kenaka muyeseni m'njira zitatu. Gogodani khoma lonse pang'onopang'ono ndi chigwiriro cha hamala, ndipo paliponse pamene pakumveka mphako mujambulepo ndi choko. Kandani ndi msomali pamalo angapo: pulasitala wabwino amangotsala ndi kamzere koyera, pamene wofooka amakumbika mosavuta n'kumathothoka mchenga. Pomaliza yang'anitsitsani ming'alu, muone ngati ili yaing'onoing'ono yolukanalukana, ngati ili yowongoka motsata malire a njerwa ndi konkire, kapena ngati ili yaikulu yochoka pangodya ya zenera kapena ya chitseko. Chizindikiro chilichonse mwa izi chili ndi gwero lake, ndipo kumata simenti pamwamba musanadziwe gwerolo n'kutaya zipangizo, chifukwa vutolo lidzatulukiranso pomwepo.

Pulasitala womatuka

Limeneli ndilo vuto lalikulu kuposa onse, popeza pulasitala amene sanagwire khoma sangachiritsidwe ndi penti kapena chomatira chilichonse, ndipo tsiku lina adzagwa ndithu. Choyambitsa chofala kwambiri ndi khoma louma. Njerwa zootcha zimamwa madzi mwamphamvu, moti mukaponyapo matope zisananyowe, zimatsopa madzi a mbali imene yakhudza njerwayo m'mphindi zochepa, ndipo pamalo penipeni pamene pamayenera kugwirana pamatsala ufa wopanda mphamvu. Kunja pulasitalayo amatha kuoneka wolimba bwinobwino, koma kumbuyo sanamatirire.

Pali njira yosavuta yodziwira ludzu la khoma. Wazani madzi pang'ono pa njerwa ndipo muone chimene chichitike. Madzi akazimiririka nthawi yomweyo, khomalo likufunika kuthiriridwa mokwanira dzulo lake, ndiponso kuwazidwa pang'ono ntchito isanayambe. Pamene mukupaka, khoma likhale lachinyezi koma lisanyezimire madzi, chifukwa khoma lonyowa mopitirira nalonso siligwira: matope amatsetsereka n'kutsika pansi. Mabuloko a simenti safuna kunyowetsedwa kwambiri ngati njerwa zootcha, chifukwa akamwa madzi ambiri amafufuma pang'ono kenaka n'kufota pouma, ndipo kufotako kumang'amba pulasitala. Kwa iwo kuwaza pang'ono n'kokwanira.

Madzi amene mwawaza akangoyenderera osalowa n'komwe, ndiye kuti vuto ndi la mbali inayo: pamalopo ndi posalala kapena potsekeka. Zimenezi zimachitika pa mizati ndi mabimu a konkire, makamaka pamene matabwa oumbira konkireyo anapakidwa mafuta. Mafutawo ayenera kutsukidwa, ndipo konkireyo asemedwe pang'onopang'ono ndi tchizulo kuti akhale wokhakhala. Mukatero, sakanizani muyeso umodzi wa simenti ndi miyeso iwiri ya mchenga wokhakhala, muthire madzi kuti zikhale zamadzimadzi, ndipo muwaze mwamphamvu pakonkirepo osasalaza konse. Timiyala timene timatsalira pamenepo ndi timene pulasitala adzagwire. Muzitinyowetsa kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo musapake pulasitala mpaka titalimba moti sitikuchoka mukakhula ndi dzanja. Ophunzira ambiri amadumpha gawo limeneli chifukwa limachedwetsa ntchito, koma palibe pamene pulasitala amagwa kawirikawiri kuposa pansi pa bimu yosalala.

Fumbi nalo limalepheretsa kugwirana, choncho khoma lisesedwe ndi bulashi yolimba, ndipo matope otsalira pomanga amene atundumuka m'mizere ya njerwa agumulidwe. Khoma lakale lopakidwa penti kapena laimu liyenera kupalidwa mpaka njerwa zioneke, popeza pulasitala wopakidwa pa penti amagwira pentiyo, osati khoma.

Choyambitsa china ndi kukhuthala. Khoma likakhala lokhota, wophunzira amayesa kudzaza dzenje la mamilimita 25 kapena 30 kamodzin'kamodzi, ndipo matopewo amalemera, amadzikoka okha n'kusiyana ndi njerwa asanalimbe. Paliponse pamene pakufunika kupitirira mamilimita 15, pakani kawiri. Woyambayo mumukande mizere yopingasa akadali wofewa, mumusunge wachinyezi kwa masiku angapo, ndipo wachiwiriyo akhale wopyapyala komanso asapose woyambayo mphamvu. Lamulo limeneli limagwiranso ntchito pa khoma lenilenilo: pulasitala wa simenti wambiri akapakidwa pa njerwa zofooka, pouma amakoka nkhope ya njerwazo n'kumatuka nayo limodzi.

Pokonza malo omatuka palibe chidule. Gumulani paliponse pamene munajambula mpaka mutafika pamene pakumveka polimba, dulani m'mphepete kuti mukhale mowongoka osati mopendekeka, sesani fumbi, nyowetsani njerwa pamodzi ndi m'mphepete mwa pulasitala wakaleyo, ndipo mupakenso ndi muyeso wofanana ndi woyamba uja.

Ming'alu ndi zimene imanena

Ming'alu yaing'onoing'ono yolukanalukana, yooneka ngati pansi pa dambo limene laphwa madzi, imakhala ya pamwamba pokha ndipo imaonekera kwambiri khoma likanyowa. Imabwera pamene pamwamba pa pulasitala pali simenti wambiri kuposa m'kati. Wophunzira amafuna khoma lonyezimira, choncho amasalaza mobwerezabwereza ndi mpeni wachitsulo wosalazira matope akadali ndi madzi ambiri, ndipo kutero kumakokera madzi ndi simenti wosalala pamwamba. Kakhungu kameneko kamafota kwambiri kuposa zimene zili pansi pake, ndiye kamang'ambika. Chizolowezi chowaza simenti wouma pakhoma kuti liume msanga kapena kuti lisalale chimabweretsa zomwezo, ndipo ndi bwino kuchisiyiratu ngakhale mutaona amisiri ena akuchita. Ngati pamalopo sipakumveka mphako ndipo msomali sukukumba, ming'alu yotere siopsa. Ikhoza kutsekedwa ndi chomatira ming'alu khoma litauma, penti asanapakidwe.

Ming'alu yokulirapo imene imatuluka m'maola oyambirira, matope asanalimbe, imasonyeza kuti madzi achoka mofulumira, kaya chifukwa cha khoma louma, mphepo yodutsa m'mazenera opanda magalasi, kapena dzuwa lolowa m'chipinda. Mukaiona pulasitala akadali wofewa, ikhuleni ndi thabwa lokhulira kuti itsekeke, ndipo mutchinge mazenera ndi zitseko ndi mapepala a pulasitiki kapena masaka. Mphepo yodutsa m'nyumba imaumitsa khoma mofulumira kuposa mmene ambiri amaganizira, ngakhale tsiku lopanda dzuwa.

Ming'alu ikamabwerabe pa khoma lililonse ngakhale mukunyowetsa bwino, kayikirani mchenga. Mchenga wokhala ndi dongo kapena dothi lambiri umakoma kupaka chifukwa umamata ndipo umatsetsereka bwino pampeni, ndipo n'chifukwa chake umanyenga ophunzira. Koma dongo limafuna madzi ambiri kuti matope afewe, ndipo madzi owonjezerawo akauma pulasitala amafota kwambiri. Mchenga wosalala kwambiri umachitanso chimodzimodzi. Kuti muuyese, thirani mchenga m'botolo loonekera m'kati mpaka theka, onjezani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani mwamphamvu, ndipo mulisiye kwa maola atatu kapena usiku wonse. Mchenga umakhazikika pansi, ndipo dothi ndi dongo zimakhala pamwamba pake ngati mzere wa mtundu wina. Mzerewo ukafika gawo limodzi mwa magawo 10 a msinkhu wa mchengawo, mchengawo utsukidwe, usakanizidwe ndi wina woyera wokhakhalako, kapena usiyidwe. Kusefa kumachotsa miyala, mizu ndi zinyalala, ndipo n'kofunika, koma sefa sichotsa dongo.

Pamene zimenezi zachitika, wophunzira amaganiza kuti mankhwala ake ndi kuwonjezera simenti. Maganizo amenewa ndi olakwika, chifukwa matope a simenti wambiri amafota kwambiri ndipo amang'ambika kuposa a muyeso wabwino. Muyeso wa 1 kwa 3 (umodzi wa simenti pa itatu ya mchenga) ndi wamphamvu mopitirira pa khoma wamba la m'kati mwa nyumba.

Mng'alu wowongoka umene ukutsata malire a njerwa ndi konkire umabwera chifukwa zinthu ziwirizi sizifufuma kapena kufota mofanana kukatentha ndi kukazizira. Pamalire oterewa pakhomedwe waya wa timabowo ting'onoting'ono, wonga wotchingira khola la nkhuku, wopitirira mamilimita 100 mpaka 150 mbali iliyonse, pulasitala asanapakidwe. Chimodzimodzinso pa ngalande zimene zinasemedwa kuti mudutse mapaipi a magetsi kapena a madzi: ziyambe zadzazidwa ndi kulimba, kenaka paikidwe waya.

Mng'alu waukulu wopendekeka wochoka pangodya ya zenera, kapena wotsika ngati masitepe motsata mizere ya njerwa, si wa pulasitala. Gumulani pang'ono muone ngati njerwa nazo zang'ambika, ndipo ngati mng'aluwo ukuonekanso kuseri kwa khoma kapena ukunkabe nukula, vuto lili pa maziko kapena pa bimu, ndipo pakufunika katswiri wa zomangamanga asanamatepo aliyense.

Pulasitala woyoyoka

Pulasitala amene amathothoka mchenga mukakhula amakhala kuti analandira simenti wochepa, simenti wowonongeka, kapena anauma asanalimbe. Pa makoma a m'kati muyeso wozolowereka ndi umodzi wa simenti pa miyeso 5 kapena 6 ya mchenga. Vuto limayambira pa kuyeza ndi fosholo, chifukwa mchenga wonyowa umaunjikana pafosholo mulu waukulu pamene simenti wouma amakhuthuka m'mbali, ndipo munthu amene akuwerenga mafosholo 6 pa imodzi amatha kukhala kuti wathira mchenga wochuluka kwambiri kuposa pamenepo. Yezani ndi ndowa imodzimodziyo yodzaza mofanana nthawi zonse. Thumba la simenti la makilogalamu 50 limakhala pafupifupi malita 33, ndipo wilibala yomangira yodzaza mpaka m'milomo imatenga pafupifupi malita 65, choncho thumba limodzi pa mawilibala atatu osaunjika pamwamba ndi pafupifupi 1 kwa 6. Sakanizirani pamalo oyera olimba osati padothi, tembenuzani zouma mpaka mtundu ukhale umodzi, ndipo pokhapo muyambe kuthira madzi oyera pang'onopang'ono. Matope abwino amakhazikika pampeni mukaupendeketsa pang'ono, ndipo amachoka mukaugwedeza.

Simenti amene wakhalitsa pachinyezi amachita mibulu. Mibulu imene ikuphwanyika mosavuta ndi zala ilibe vuto lalikulu, koma yolimba ikusonyeza kuti mbali ya simentiyo inagwira kale ntchito yake m'thumba, ndipo kuisefa sikubwezera mphamvu imene yatayika.

Chizolowezi china chowononga ndicho kutsitsimutsa matope. Wophunzira amagwira ntchito pang'onopang'ono, mulu wa matope umayamba kulimba, ndipo iye amathiramo madzi n'kutembenuzanso. Matopewo amafewadi, koma kugwirana kumene kunayamba kwaphwanyidwa ndipo madzi achuluka, choncho pulasitala wake amakhala wofooka. Sakanizani okhawo amene mungamalize mu ola limodzi, muwaphimbe kuti asawombedwe ndi dzuwa, ndipo amene apitirira maola awiri muwataye. Kwa munthu woyamba kumene, theka la thumba nthawi imodzi ndi lambiri kale.

Chachikulu pa zonse ndi kuthirira ntchito ikatha. Pulasitala akangolimba moti madzi sakumukokolola, kawirikawiri m'mawa mwa tsiku lotsatira, muwazeni madzi mofatsa kawiri kapena katatu patsiku kwa masiku 7. Khoma likayera mbuu pa tsiku lachiwiri, chimenecho si chizindikiro chakuti lalimba msanga, koma chakuti lataya madzi amene simenti ankafuna. Ngati kuyoyokako kuli kwa pamwamba pokha ndipo m'kati muli molimba, khoma likhoza kusesedwa ndi kupakidwa mankhwala ogwirizanitsa fumbi amene amapakidwa penti asanabwere. Msomali ukamakumba mpaka pa njerwa, pulasitalayo achotsedwe.

Matope akugwa popaka, ndipo khoma likutuluka la mabampu

Apa ndiye pamene dzanja lili ndi mbali. Matope amagwa ngati akungoikidwa pakhoma mopanda mphamvu. Ayenera kuponyedwa kapena kukanikizidwa mwamphamvu ndi mpeni wopendekeka pang'ono, kuti alowe m'mabowo a njerwa ndi kutulutsa mpweya. Zimathandiza kuyamba ndi kupaka kopyapyala kokanikiza kwambiri, kenaka n'kuwonjezera pamwamba pake nthawi yomweyo mpaka kukhuthala kofunikako.

Mabampu amabwera chifukwa chodalira maso. Musanayambe, yezani khoma ndi levulo ndi chingwe kuti mupeze pamene latundumuka kwambiri, ndipo mumate timibulu ta matope pamwamba ndi pansi, totalikirana pafupifupi mita imodzi ndi theka, tonse tofanana msinkhu ndiponso toima chilili pa levulo. Lumikizani kambulu kapamwamba ndi kapansi ndi mzere wa matope, muusiye ulimbeko, ndipo mudzaze pakati pa mizere iwiri. Thabwa lalitali lowongoka lizitsamira pa mizereyo pamene mukulikweza m'mwamba mukuligwedezera uku ndi uku, kuti lidule matope opitirira ndi kuonetsa maenje ofunika kudzaza. Thabwalo nalo liyesedwe, chifukwa thabwa lonyowa limapindika, ndipo lopindika limasiya khoma lonse lopindika.

Nthawi yokhulira ndi imene imavuta kuiphunzira. Mukakhula msanga, thabwa lokhulira limakoka matope n'kuwamatula ku khoma, ndipo mukachedwa limangokanda pamwamba. Dinani ndi chala: ngati chikusiya kachizindikiro kochepa popanda matope kukakamira, nthawi yakwana. Khulani mozungulira, mukuwaza timadzi pang'ono ndi bulashi pokhapokha pamene paumitsitsa. Mukafuna kuona ngati khoma lawongoka, unikani tochi chammbali motsata khomalo, chifukwa mthunzi umaonetsa bampu iliyonse imene penti adzaonetsenso.

Pogwira ntchito yonseyi valani magulovu ndi zoteteza maso, popeza simenti wonyowa amawotcha khungu pang'onopang'ono munthu osamva msanga, ndipo akalowa m'diso muyenera kutsuka ndi madzi ambiri nthawi yomweyo n'kupita kuchipatala.

Zizindikiro zina zimene zimabwera mochedwa

Mizere ya njerwa ikamaonekera kupyola pulasitala, ndiye kuti njerwa ndi matope omangira zinamwa madzi mosiyana ndipo pulasitalayo anali wopyapyala. Sizichepetsa mphamvu, ndipo zimapewedwa ndi kunyowetsa mofanana kapena kupaka kawiri. Timabowo totumphuka apo ndi apo timachokera ku mbewu, timitengo, timibulu ta dongo kapena laimu wosaviikidwa bwino m'madzi zimene zinatsalira m'matope. Kolowolani kachinthuko ndipo mutseke bowolo.

Ufa woyera wotuluka pakhoma ndi mchere umene madzi anautenga m'njerwa kapena mumchenga n'kuusiya pamwamba pouma. Usesedwe ndi bulashi youma, chifukwa kuutsuka kumaubwezera m'khoma. Pa nyumba yatsopano umatha wokha khoma likauma, koma ukamabwerabe m'munsi mwa khoma pamodzi ndi penti wotupa, madzi akukwera kuchokera pansi kapena paipi ikudontha, ndipo pulasitala watsopano adzawonongekanso mpaka gwero la madzilo litatsekedwa.

Amene akumalizira khoma ndi pulasitala wosalala wa jipisamu (ufa woyera umene si simenti) adziwe kuti malamulo ake ndi ena. Amapakidwa mopyapyala, mamilimita 2 kapena 3, pa khoma louma kale, sathiriridwa madzi akatha, ndipo sayenera malo onyowa nthawi zonse. Ufa ndi umene umathiridwa m'madzi, ndipo ndowa ikhale yotsukidwa bwino, chifukwa zotsalira za msakanizo wapitawo zimachititsa watsopano kulimba msanga musanamalize kupaka. Jipisamu asasakanizidwe ndi simenti m'matope amodzi, popeza zikakumana ndi chinyezi zimafufuma ndipo pulasitala amafumbutuka.

Penti akamasendeka kapena kusintha mtundu pa khoma latsopano, kawirikawiri amakhala kuti anapakidwa msanga. Pulasitala wa simenti apatsidwe pafupifupi masiku 28, ndipo nyengo yozizira kapena yamvula angafune oposa pamenepo. Kuti mutsimikize, matani pepala la pulasitiki pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi ndipo mulisiye usiku wonse. Mukapeza timadontho kuseri kwa pepalalo kapena khoma litada pamalopo, chinyezi chikadalimo ndipo muyenera kudikirabe. Likapezeka louma, yambani ndi penti wapansi wopangidwira pulasitala watsopano, amene sawonongeka ndi ukali wa simenti, ndipo penti womalizira abwere pamwamba pa ameneyo atauma.